Malo okonzera matayala a malole ku Chipata kumene amayamba ayeza asanakugulitseni kanthu

Mukamatuluka m'tauni ya Chipata kulowera ku Katete pa msewu wa Great East, mumaona malo angapo okonzera matayala, ndipo ambiri mwa iwo ntchito yawo ndi kumata mabowo, kupopa mphepo ndi kusintha tayala lophulika. Pakati pa malowa pali amodzi okhala ndi bwalo lalikulu loti lole yokoka ngolo itha kutembenukiramo, ndipo awa amagwira ntchito imene anzawo ambiri amaizemba, yofufuza chomwe chikuchititsa kuti lole izinjenjemera ikamathamanga. Malole anga amanyamula chimanga, soya ndi feteleza pakati pa Lundazi, Chipata ndi Lusaka, ndipo kuno ndiko ndimawapititsa, makamaka chifukwa mkulu woyang'anira ntchitoyi salola kuti mugule tayala latsopano kapena kulipira zobalansa (kuika timitovu pa limu kuti wilo lilemere mofanana mbali zonse) iye asanayeze.

Chizolowezi chathu ambirife n'chakuti dalaivala akangodandaula kuti chiwongolero chikugwedezeka, timathamangira kunena kuti matayala akufunika kubalansa. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma tayala likakhala kuti silili lozungulira bwino, kapena lakhala mopendekeka pa limu, mungaikepo timitovu tochuluka bwanji silisiya kudumpha. Tayala la saizi ya 315/80R22.5, lomwe lili pa malole ambiri a mumsewu uno, limayenda mamita pafupifupi 3.3 likazungulira kamodzi, kutanthauza kuti pa liwiro la makilomita 80 pa ola limazungulira pafupifupi kasanu ndi kawiri pa sekondi iliyonse. Pa ulendo wa ku Lusaka, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 570, limazungulira maulendo oposa 170,000, ndipo tayalalo pamodzi ndi limu yake yachitsulo limalemera makilogalamu 100 kapena kuposerapo. Choncho kakulakwika ka mamilimita ochepa chabe kamamenya mabering'i, ma kingpin (zitsulo zomwe mawilo a kutsogolo amakhoterapo) ndi masipuling'i ulendo wonse, ndipo msana wa dalaivala nawo umalandira gawo lake.

Mukafika, mkuluyu sayamba ndi kugwira sipanala. Amayamba ndi kufunsa dalaivala, ndipo mafunso ake ndi olunjika. Ndinamumva akufunsa dalaivala wanga, yemwe ndi wamkulu kwa iye, kuti, "Amdala, imayamba kunjenjemera mukafika pa liwiro lanji, nanga mumaimvera m'manja kapena pampando?" Kenako anakwera naye m'lole n'kupita kukaiyesa pamalo pomwe msewu uli wosalala. Kunjenjemera komwe kumamveka pa chiwongolero kawirikawiri kumachokera ku matayala a kutsogolo, pomwe komwe kumamveka pampando kapena pansi pa mapazi kumalozera ku matayala a kumbuyo kapena ku propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chomwe chimapereka mphamvu ya injini ku matayala a kumbuyo. Kukamabwera pokhapokha dalaivala akaponda mabuleki, amakayikira madiramu a mabuleki kuti mwina anatha mosafanana. Kukamasintha dalaivala akaponda kapena kusiya mafuta liwiro lili lomwelo, amayang'ana ma universal joint, omwe ndi mfundo zolumikizira propshaft, ndipo amasiyanitsanso ndi kamvekedwe kake, poti propshaft imazungulira mofulumira kangapo kuposa tayala, ndiye kunjenjemera kwake kumakhala kwa pafupipafupi ngati kulira. Vuto la kubalansa lenileni limaonekera lole ikafika pa liwiro lina lake, nthawi zambiri pakati pa makilomita 70 ndi 90 pa ola, ndipo limatha kuchepa ikapitirira pamenepo.

Atabwerako, anyamata anakweza ekiselo ya kutsogolo pa jeke matayala akadali otentha, chifukwa tayala la lole yomwe yagona ndi katundu limakhala lophwatalala pang'ono pamene linaponda, ndipo likayezedwa lozizira limanamiza. Mkuluyo anaimika pansi kachipangizo kokhala ndi muvi ngati wotchi, komwe amakatcha dial gauge, n'kukhudzitsa nsonga yake pakati pa tayala pomwe pamaponda msewu, mnyamata wina n'kumalizunguza pang'onopang'ono ndi manja. Kudzanja lamanzere muvi unkangosuntha pang'ono, koma kumanja unakwera kupitirira mamilimita atatu n'kutsikanso, ndipo iye analemba ndi choko pamene panali pokwera kwambiri. Tayalalo linali latsopano, ndipo linaikidwa kwina ndi anthu omwe anali pachangu. Anandiitana n'kundionetsa kamzere kozungulira komwe opanga matayala amakaika pafupi ndi mlomo wa tayala. Kamzereka kamayenera kutalikirana ndi mphepete mwa limu mofanana kuzungulira konse, koma apa mbali ina kanali katabisika pafupifupi konse pomwe mbali inayo kanali poyera. Anayezanso limu payokha n'kupeza kuti sinapindike.

Zomwe anachita pambuyo pake ndi ntchito ya manja yosafuna chipangizo chodula. Anatulutsa mphepo, kuchotsa tayala, kupala dzimbiri pa limu ndi burashi ya waya, kenako kupaka mlomo wa tayala sopo wake wa ntchitoyi. Mkuluyu amadana ndi oyilo wakutha wa mu injini yemwe ena amapaka, ndipo akunena zoona, chifukwa oyilo amawononga labala. Polibwezera analitembenuza theka la mzere wozungulira kuchoka pomwe linali, analipopa lili chogona pansi kuti likhale mofanana, ndipo atayezanso muvi sunapitirire milimita imodzi ndi theka. Apa m'pamene analipititsa pa makina obalansira, ndipo linangofuna timitovu tochepa. Ndikanatsatira maganizo a anthu ena, tayala labwinobwino limenelo ndikanalibweza kwa amene anandigulitsa n'kukangana nawo pachabe.

Mmene amabwezera wilo pa lole ndi chinthu china chomwe ndimachiyamikira. Amapala dothi ndi dzimbiri pa habu, pomwe wilo limamangiriridwa, ndi kuseri kwa limu, chifukwa kanthu kakang'ono kotsalira pamenepo kamapendeketsa wilo lonse ndipo pambuyo pake kamamasula manati. Manati khumi aja amawamanga modumphitsa, osati motsatana, n'kumalizira ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira manati, yoikidwa pa mlingo umene opanga loleyo analamula, womwe pa malole ambiri a maboti a M22 umakhala pafupi ndi 600 Nm. Kwina mumaona mnyamata akulumikiza paipi yaitali ku sipanala n'kumadumphapo, zomwe zimakoka maboti mpaka kufooka. Kuno amauzanso dalaivala kuti manatiwo akayezedwenso akayenda makilomita 50 mpaka 100, ndiye wopita ku Lusaka amayenera kuima pa Katete, ngakhale kuti madalaivala ambiri, anga omwe, amachita kukumbutsidwa pa foni.

Pa matayala oyenda awiriawiri a kumbuyo amagwiritsa ntchito tepi yoyezera, ndipo salola kuphatikiza matayala osiyana msinkhu ndi mamilimita oposa 6, poti lalikulu limasenza katundu wochuluka n'kutentha, pomwe laling'ono limakhulika pansi n'kutha mwa zigambazigamba. Amasuzumiranso pakati pa awiriwo kufuna miyala, ndi m'kati mwa limu kufuna matope ouma, omwe malole ochokera m'misewu ya m'midzi nthawi ya dzinja amabwera nawo ochuluka ndithu. Thanki ya kompuresa yawo amaikhetsa madzi m'mawa uliwonse kuti chinyezi chisalowe m'matayala a anthu.

Vuto likakhala kuti silili m'matayala, amakuuzani mosabisa ndipo sakugulitsani kanthu. Amagwedeza wilo ndi chitsulo chachitali kuti aone ngati ma kingpin kapena mabering'i ayamba kusewera, ndipo tayala lomwe latha mokumbikakumbika m'mbali amalitenga ngati umboni wakuti ma shock absorber anafa. Tayala lomwe linapalika malo amodzi chifukwa mabuleki anagwira mwamphamvu, monga zimachitikira pa zitsetso za kufupi ndi mlatho wa Luangwa, amanena poyera kuti palibe makina omwe angalibwezeretse, ndipo lomwe layamba kutupa chifukwa waya wa m'kati walekana ndi labala amakana kulibwezera kutsogolo. Ntchito za makaniko zoterezi iwo sagwira, ndipo alibenso zipangizo zowongolera maekiselo a malole, choncho mumayenera kukapitiriza kwina.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu ndi chakuti alibe khola lachitsulo lopoperamo matayala. Tayala la lole limalandira mphepo yofika 8 kapena 9 bar, ndipo likaphulika munthu atawerama pamwamba pake limapha. Anyamata amaima patali ndithu popopa, koma malo osamala chonchi pa zina zonse anayenera kukhala nalo kale kholalo, ndipo ndinawauza zimenezi pamaso. Chachiwiri ndi nthawi. Palibe dongosolo losungitsa malo, ndiye nyengo yogula mbewu ikafika, malole akachuluka, mukhoza kudikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo magetsi akazima makina obalansira ndi kompuresa zimaima zonse. Podikirira palibe mthunzi wokwanira, ndipo bwalolo ndi la fumbi m'chilimwe, la matope m'dzinja. Zomwe ayeza salemba pa lisiti pokhapokha mutapempha, chomwe n'chosautsa kwa mwini lole amene watuma dalaivala yekha. Amagulitsanso matayala ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo pa amenewa muwerenge nokha manambala anayi a kumapeto kwa chizindikiro cha DOT cholembedwa m'mbali mwa tayala, omwe amasonyeza sabata ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa, chifukwa anyamata ogulitsa satchula zimenezo musanafunse.

Ndalama yofufuzira vuto amalipiritsa payokha ngakhale asakonze chilichonse, ndipo ndamvapo eni malole ena akunyinyirika nazo, koma poyerekeza ndi mtengo wa tayala limodzi latsopano la kutsogolo ndi yochepa kwambiri. Amene akungofuna kumatitsa bowo n'kupitiriza ulendo wa ku Mwami kapena ku Chanida athandizika msanga pa malo ena apafupi. Amene lole yake ikunjenjemera apite kuno m'mamawa pakati pa sabata, abwere ndi dalaivala amene amaiyendetsa tsiku ndi tsiku, ndipo ngati n'kotheka loleyo ikhale ndi katundu, chifukwa kunjenjemera kwina kumabisala lole ikakhala yopanda kanthu.