Ndemanga: kuyezetsa ma telomere kudzera pa intaneti

Makampani ena a ku America amagulitsa ntchito yoyeza kutalika kwa ma telomere: amakutumizirani kabokosi, mumadzibaya chala n'kuwabwezera kadontho ka magazi, kenako amakuuzani msinkhu umene akuti maselo anu afika. Sayansi imene amadalira ndi yoona. Ma telomere ndi nsonga za ulusi wa DNA, zokhala ndi zilembo TTAGGG zobwerezabwereza, ndipo zimafupika selo likamagawikana chifukwa puloteni yokopera DNA imalephera kufika kumapeto kwenikweni. Puloteni ina yotchedwa telomerase, imene Carol Greider ndi Elizabeth Blackburn anaitulukira mu 1984, imabwezeretsa zilembozo, makamaka m'maselo opanga umuna.

Chokhumudwitsa ndi lipoti lake. Njira yotchipa yoyezera ma telomere, yotchedwa qPCR, imene makampani ambiri amagwiritsa ntchito, imapereka zotsatira zosiyana malinga ndi labotale, pamene anthu obadwa chaka chimodzi amasiyananso kwambiri mwachibadwa pa kutalika kwa ma telomere awo. Komanso kutalikako sikutsimikizira thanzi, popeza maselo a khansa zambiri amadalira telomerase yomweyo kuti azichulukana osalekeza.

Amene banja lake lili ndi matenda a dyskeratosis congenita, otengera kwa makolo amene amachititsa kuti ma telomere akhale aafupi kwambiri, apite kwa dokotala akayezedwe ndi njira ina yolondola kuposa qPCR, yotchedwa flow-FISH. Enafe tisatayirepo ndalama.