Bone scan, CT, MRI ndi PSMA PET: kusiyana kwake pofufuza khansa ya prostate imene yafalikira kapena yabwerera

Bambo anga anachitidwa opaleshoni yochotsa prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, chifukwa cha khansa zaka zitatu zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo zotsatira zawo za magazi timazisunga mu envulopu imodzi ya khaki imene tsopano yafumbwa m'mbali chifukwa choyendayenda nayo kuchipatala. Nambala ya PSA, puloteni yochokera ku maselo a prostate imene amaiyeza m'magazi pofuna kutsatira khansayi, inakhala pansi kwambiri kwa nthawi yaitali, koma chaka chatha inafika pa 0.2, kenako pa 0.4. Dokotala anatifotokozera kuti kwa munthu amene anachotsedwa prostate, PSA ikafika pa 0.2 n'kumakwerabe ndiye kuti matenda akubwerera, pamene kwa amene analandira chithandizo cha radiyeshoni (kuwotcha khansa ndi cheza champhamvu) amawerengera ikakwera ndi 2 kuchokera pamene inatsikira kwambiri. Vuto la magazi n'lakuti amangonena kuti khansa ilipo, osanena pamene yabisala, ndipo apa m'pamene nkhani ya sikani imayambira.

Bone scan ndiyo yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, chifukwa khansa ya prostate imakonda kuthawira m'mafupa, makamaka a msana, a m'chiuno ndi nthiti. Wodwala amabayidwa mumtsempha mankhwala a technetium-99m, amene amatulutsa cheza chochepa chimene makina amachiona, amadikira maola awiri kapena atatu akumwa madzi ambiri, kenako makina amajambula thupi lonse. Chimene sikaniyi imaona si khansa yeniyeniyo ayi, koma malo amene fupa likudzikonza. N'chifukwa chake nyamakazi kapena nthiti imene inathyoka kalekale pa ngozi ya njinga imatha kuwala ngati khansa, ndipo banja limasowa tulo pachabe. Komanso PSA ikakhala yotsika ngati ya bambo angayi, bone scan kawirikawiri siona kanthu.

CT, imene imajambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito X-ray, ndi yachangu, ndipo ndiyo sikani imene ambiri a ife kuno ku Lilongwe tingaifikire mosavutikirapo. Imaonetsa chiwindi, mapapo, mafupa amene awonongeka ndiponso ngati chotupa chatseka njira ya mkodzo kuchokera ku impso. Kufooka kwake kuli pa anabere, chifukwa imawaweruza potengera kukula kokha. Mwanabere akapitirira pafupifupi sentimita imodzi amakayikiridwa, koma wamng'ono amene ali kale ndi khansa amadutsa ngati wabwinobwino, pamene wina wotupa chifukwa cha matenda ena, monga chifuwa chachikulu, amaoneka ngati khansa. Musanabayidwe mankhwala othandiza kuti chithunzi chioneke bwino, impso ziyenera kuyezedwa kaye.

MRI imajambula ndi maginito osati radiyeshoni, imatenga nthawi yaitalipo, ndipo phokoso lake limasautsa okalamba ena. Imaposa zinzake poona m'chiuno momwe munali prostate, ngati khansa yaphukanso pomwepo. Koma pali nthawi ina imene MRI ya msana imafunika mwamsangamsanga, ndipo ndikupempha aliyense wosamalira wodwala aikumbukire. Munthu wa khansa ya prostate akayamba kumva kupweteka kwambiri kwa msana, miyendo n'kumafooka kapena kuchita dzanzi, kapena akayamba kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, n'kutheka kuti chotupa chikupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Zikatero ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku la kiliniki, chifukwa kuchedwa kwa masiku ochepa kungam'siye wosayendanso.

PSMA PET ndiyo yatsopano, ndipo imagwira ntchito mosiyana ndi zonsezi. Maselo ambiri a khansa ya prostate amakhala ndi puloteni yotchedwa PSMA yochuluka pamwamba pake, choncho mankhwala amene wodwala amabayidwa amakamatirira pa khansa yeniyeniyo kulikonse kumene ili, kaya m'fupa kaya mwa mwanabere wamng'ono ngati njere ya mapira. Ku America, bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza sikaniyi kugwiritsa ntchito mankhwala a gallium-68 PSMA-11 mu Disembala 2020, ndipo ena a fluorine-18 anavomerezedwa mu 2021. Kafukufuku wa proPSMA wa ku Australia, amene anafalitsidwa mu 2020 ndipo anakhudza amuna 302 amene khansa yawo inali yoopsa koma asanalandire chithandizo, anapeza kuti pofufuza ngati khansa yafalikira PSMA PET inalondola pa 92 peresenti pamene CT ndi bone scan pamodzi zinalondola pa 65 peresenti, ndipo radiyeshoni imene wodwala analandira inali yosafika theka la ya sikani ziwirizo. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo sindikufuna kukuchepetsa.

Komabe pali zinthu zimene anthu ofotokozerana pa benchi ya kuchipatala amazidumpha akamanena kuti "PET ndiyo imaona zonse". Kuona kwake kumadalira PSA. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2019, wa amuna 635 amene matenda anawabwerera, anaonetsa kuti PSA ikakhala yochepera 0.5 sikaniyi inapeza malo a khansa mwa amuna 38 pa 100 aliwonse, pamene PSA ikafika 5 kapena kupitirira inapeza mwa 97. Palinso khansa zina zochepa zimene sizikhala ndi PSMA yokwanira, ndipo zimenezi siziwala konse. Ndiye pali nkhani ya mtunda. Mphamvu ya gallium-68 imachepa ndi theka pa mphindi 68 zokha, ya fluorine-18 pa mphindi pafupifupi 110, pamene ya technetium-99m imatenga maola 6. Mankhwala otere ayenera kukonzedwa pafupi ndi makinawo, n'chifukwa chake a kuno ofuna sikaniyi amakwera ndege kupita ku South Africa, ku Nairobi kapena ku India, ndipo pa mtengo wa sikani pamaonjezereka tikiti, malo ogona ndi ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa mmene zimavutira kupeza.

Ndinakhalapo pafupi ndi bambo ena a ku Mitundu amene PSA yawo inali m'mahandiredi, akuyenda ndi ndodo chifukwa cha chiuno, ndipo ana awo ankakambirana zogulitsa munda kuti awatumize kunja kukajambulidwa. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa kwa munthu wotere X-ray ndi CT zimakhala zitaonetsa kale kuti matenda ali m'mafupa, ndipo chithandizo chake, chomwe ndi kuchepetsa mahomoni achimuna ndi kuletsa ululu, sichingasinthe kwenikweni chifukwa cha chithunzi chowala bwino. Maganizo anga ndi akuti PSMA PET imapindulitsa kwambiri magulu awiri a anthu: amene khansa yake ndi yoopsa ndipo akuganiziridwa opaleshoni kapena radiyeshoni yofuna kuchiza, ndi amene PSA yake yayambanso kukwera pang'onopang'ono atalandira kale chithandizo. Kwa anthu amenewa, kudziwa malo enieni kungasinthe kumene radiyeshoni ilunjike, kapena kupewetsa opaleshoni imene sikanathandiza.

Bambo anga ali m'gulu lachiwirili, choncho tinafunsa dokotala funso limodzi: sikaniyo ikapanda kuonetsa kanthu, tidzachita chiyani? Anayankha kuti radiyeshoni ya m'chiuno idzaperekedwabe, chifukwa imagwira bwino ntchito PSA isanapitirire 0.5, ndipo chithunzi chopanda kanthu sichitanthauza kuti khansa kulibe. Titawerengera kuti kusonkhanitsa ndalama za ulendo kukanatitengera miyezi ingapo PSA ikukwerabe, tinagwirizana monga banja kuti bambo ajambulidwe MRI ya m'chiuno ndi CT, kenako ayambe chithandizo osadikira.