Malenzi a RGP ndi a scleral kwa odwala keratoconus

Munthu wodwala keratoconus amakhala ndi cornea, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, imene yapyapyala n'kutukuka ngati nsonga, ndipo matendawa akakula magalasi wamba sathandizanso. Malenzi ofewa, amene amavalidwa pa diso penipeni, nawo amangotengera kupindika komweko. Chimene chimathandiza ndi lenzi yolimba, chifukwa madzi okhala pakati pa lenziyo ndi cornea amafafaniza mabampu onse, kuwala n'kumalowa bwino. Mitundu imene anthu ambiri amasankhapo ndi iwiri, RGP ndi scleral, ndipo poonetsa zinthu bwino siisiyana kwambiri. Kusiyana kwenikweni kuli pa moyo wa tsiku ndi tsiku.

Lenzi ya RGP, kutanthauza lenzi yolimba yolola mpweya kudutsa, ndi yaing'ono, ya mamilimita 9 kapena 10, ndipo imakhala pa cornea penipeni n'kumasuntha pang'ono munthu akaphethira. Yodziwika kwambiri ndi Rose K, imene anaikonza Paul Rose wa ku New Zealand. Mtengo wake ndi wotsikirapo, kuivala sikuvuta, ndipo misozi imadutsa pansi pake mosavuta. Koma pamene pamadutsa misozi mpamene pamadutsanso fumbi. Kamchenga kamodzi kakalowa pansi pa lenziyi diso limabaya kotero kuti munthu amaima pomwepo misozi ili chuchuchu, ndipo amene amayenda pa kabaza m'misewu yafumbi m'mwezi wa Okutobala ayenera kuliganizira bwino vutoli. Pa cornea yotukuka kwambiri lenziyi imathanso kufwamphuka n'kugwa pansi, ndipo kuzolowera kumatenga masabata.

Lenzi ya scleral ndi yaikulu, kuyambira mamilimita pafupifupi 15 kupita m'tsogolo. Siikhudza cornea konse, koma imatsamira pa mbali yoyera ya diso, imene siimva msanga kupweteka, motero ambiri amaiiwala akangoivala, ndipo fumbi limasowa polowera. Nzeruyi si yatsopano, pakuti Adolf Fick anayesa malenzi otere agalasi ku Zurich cha m'ma 1888. Vuto lake ndi ntchito ya m'mawa uliwonse. Munthu amadzaza lenzi ndi saline (madzi amchere aukhondo a kuchipatala) wopanda mankhwala otetezera kuti asawonongeke, amawerama mpaka nkhope kuyang'ana pansi, amatsegula zikope ndi zala, ndipo kathovu ka mpweya kakatsalira mkati amayenera kuichotsa ndi kachipangizo ka labala n'kuyambiranso. Kwa ena madziwo amachita chifunga pofika masana, ndiye amafunika malo aukhondo ochotsera ndi kudzazanso, zimene kuntchito sizipezeka nthawi zonse.

Palinso malenzi a hybrid, olimba pakati ndi ofewa m'mphepete, koma amatha msanga ndipo amafuna kusinthidwa kawirikawiri.

Ine ndimaona kuti amene cornea yake yatukuka kwambiri, kapena amene maso ake amauma, scleral imamuposera RGP ndi kutali, bola akhale ndi njira yodalirika yopezera saline chaka chonse. Madzi a pampopi kapena a pamjigo sangalowe m'malo mwake, chifukwa mumatha kukhala kachilombo ka Acanthamoeba kamene kamawononga cornea mpaka kuchititsa khungu. Amene matenda ake sanafike patali, ndipo akukhala kutali ndi malo ogulitsa zinthuzi, RGP ingamusungire ndalama ndi mtendere wa mumtima. Malenzi onsewa saletsa matenda kupitirira. Ntchito imeneyo ndi ya chithandizo cholimbitsa cornea chotchedwa cross-linking, chimene chinayambira ku Dresden m'zaka za m'ma 1990, pamodzi ndi kusiya chizolowezi chotikita maso akamayabwa.