Behance kapena Adobe Portfolio: ntchito zanu muziike pati?

Wolemba anthu ntchito sakhala pa zojambula zanu tsiku lonse. Amangoponyapo maso, nthawi zina pa foni, n'kupita kwa wina. Ndiye funso ndi lakuti, pa ziwirizi ndi chiti chingamufikitse msanga pa ntchito zanu zabwino?

Behance ndi tsamba la pa intaneti pomwe ojambula amaonetsapo ntchito zawo. Ndi yaulere, ndipo kampani ya Adobe inaigula mu 2012. Ubwino wake ndi kuchuluka kwa anthu: ofuna akatswiri ojambula amafufuza momwemo, mwina wina n'kukupezani musanamulembere n'komwe. Koma vuto lake ndi lomwelo. Ntchito za anzanu zili pafupi pomwepo, bwana uja akangodina kamodzi, basi wapita. Komanso maonekedwe a tsamba ndi amodzi kwa aliyense, simungawasinthe kwenikweni.

Adobe Portfolio imakupatsani tsamba lanulanu. Mumasankha kamangidwe, mutha kuikapo adiresi ya dzina lanu, ndipo zomwe munaika kale pa Behance zimalowamo osazikwezanso. Chovuta n'chakuti imayendera limodzi ndi Creative Cloud, yomwe ndi phukusi lolipira la mapulogalamu a Adobe. Mukaleka kulipira, tsamba limatsekedwa, linki ija munalemba pa CV n'kusanduka yopanda ntchito. Kwa munthu amene akusaka ntchito, ndalama isanayambe kulowa, apa m'pofunika kuganiza mofatsa.

Ngati mumalipira kale Creative Cloud, tengani Portfolio, palibe chowonjezera. Apo ayi, Behance ikukwanirani. Musaiwalenso kusunga PDF yopepuka ya ntchito zanu zosankhika, poti mafomu ena ofunsira ntchito amafuna fayilo, osati linki.