Sports bar, chitsulo cha kuseri kwa kabini, roll cage yamkati kapena yakunja: chingakupulumutseni ndi chiti pikiapu ikagubuduzika?

Dzinja lathali ndinapita kukathandiza mnzanga kukoka pikiapu yake imene inagona matayala m'mwamba m'munsi mwa msewu wafumbi. Sanali pa sipidi ayi, giya yachiwiri basi, tayala lakumanzere linangoponda dothi lofewa la m'mphepete ndiye galimoto yonse inapendekeka pang'onopang'ono mpaka kutembenuzika. Iyeyo anatuluka bwinobwino poti anali atamanga lamba. Koma chimene chinandigwira mtima ndi chitsulo chonyezimira chija chimakhala kumbuyo kwa kabini, chomwe iye amachitcha roll bar ndipo amachidalira ndi mtima wonse. Chinali chitaphwatalala ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe. Pamene chinathyokera ndinayikapo chala, khoma la paipiyo linali lopyapyala moti nkulipinda ndi pulayazi, ndipo mabawuti ake anazuka pamodzi ndi tizidutswa ta bodi, chifukwa anangomangidwa pa lata la m'mphepete mwa bodiyo. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya zitsulozi sindiitenganso mwachibwana.

Ndiye tiyeni tiziyike pambalipambali, poti ambiri timazisokoneza.

Choyamba ndi sports bar, chitsulo chonyezimira ngati cha mnzanga chija, imene imabwera ndi ma Hilux, ma Ranger, ma D-Max ambiri kapena timagula tokha m'mashopu a zokongoletsera galimoto. Ntchito yake ndi kukongoletsa, kupachikapo magetsi, mwina kumangirirapo chingwe. Basi. Siifika pa chasisi, ilibe chitsulo chopingasa, ndipo siinapangidwe kuti isenze kulemera kwa galimoto. Ngati mumaikonda isiyeni ikhale, koma musamaiwerengere pa nkhani ya moyo wanu.

Chachiwiri ndi chitsulo chenicheni cha kuseri kwa kabini, chija amachitcha ROPS, mumachiona pa magalimoto a ku migodi ndi a makampani omanga misewu. Poyang'ana patali chimafanana ndi sports bar koma kusiyana kwake ndi kwa usiku ndi usana. Paipi wake ndi wokhuthala, amakwera kufika msinkhu wa denga kapena kupitirirako pang'ono, ali ndi miyendo iwiri yochirikiza yopita kumbuyo ndi chitsulo chodutsa chopingasa pakati, ndiye miyendoyo imaboola pansi pa bodi nkukagwira pa chasisi. Chopingasacho musachione chopepuka abale, chimango cha ngodya zinayi chimapindika ngati katoni mukachikankha chammbali, koma mukachigawa ndi chopingasacho kukhala ma triangle awiri chimauma gwa. Ubwino wa mtundu umenewu ndi woti mkati mwa kabini simulowa chitsulo chilichonse, mutu wanu ulibe pogunda, ma airbag akugwira ntchito monga anapangidwira, ndipo galimoto mutha kupita nayo kuntchito tsiku ndi tsiku. Vuto lake ndi loti chimateteza kwambiri kumbuyo kwa denga. Pa single cab zili bwino chifukwa dalaivala amakhala pafupi nacho, koma pa double cab dalaivala ali kutali, kutsogolo uko, ndipo galimoto ikamagubuduzika injini imakokera mphuno pansi, ndiye malo amene amayamba kuphwanyika ndi pamwamba pa windisikirini, pa mizati iwiri yakutsogolo ija. Pamenepo chitsulo chakumbuyo chimangothandiza pang'ono.

Chachitatu ndi roll cage yamkati, khola lonse la zitsulo lozungulira anthu, ngati zija za magalimoto a mpikisano wa Dakar. Kunena za mphamvu, apa ndiye pachimake, palibe chopikisana nayo. Ndipo ubwino wake miyezo yake inalembedwa poyera, aliyense atha kuwerenga. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, mu Appendix J ya 2020 amati chitsulo chachikulu chikhale paipi wopanda msoko, wa mamilimita 45 kukula ndi 2.5 kukhuthala, kapena 50 ndi 2.0, zitsulo zinazo 38 ndi 2.5 kapena 40 ndi 2.0, ndipo mphamvu yake isatsike pa 350 N/mm². Popinda, kona isakhale yothina kuposa katatu kukula kwa paipiyo, komanso paipi asakhwinyate. Phazi lililonse limakhala pa puleti yokhuthala mamilimita osachepera 3, yotambalala 120 cm², yomangidwa ndi mabawuti osachepera atatu a M8 a giredi 8.8. Manambalawa ndimawakonda chifukwa ndi amene mungapite nawo kwa wowotcherera nkumufunsa maso ndi maso kuti bambo, paipi wanuyu ndi wa saizi yanji.

Koma apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi anyamata ambiri okonda 4x4. Roll cage yamkati inapangidwira munthu wovala helemeti, womangidwa malamba a pamapewa onse awiri, wokhala pa mpando womukumbatira thupi kuti asasunthe. Inuyo mukuyenda tawuni mutu uli pamtunda, lamba wamba uja amalola thupi kusuntha ndithu, ndiye ngozi yaying'ono chabe, wina wakugundani chammbali pa roundabout, mutu ukukamenya paipi wachitsulo amene ali masentimita ochepa kuchokera pa khutu lanu. Chimene mumati chikutetezeni ndi chomwe chakuvulazani. Siponji yoyenera ilipo, ya muyezo wa SFI 45.1 kapena FIA 8857-2001, ndi yolimba ukaigwira, osati zofewa zija timakutira mapaipi a friji, zimenezo mutu umangodutsa ngati palibepo kanthu. Ngakhale yoyenerayo anaipanga poganizira mutu wa helemeti. Chinanso, magalimoto atsopanowa ali ndi ma airbag otsika kuchokera m'mphepete mwa denga, ndipo paipi wa cage amadutsa malo omwewo, ndiye mwatseka njira yawo. Kwa ine, cage yamkati ndi ya galimoto ya mpikisano kapena yakale yosewerera m'mapiri pa wikendi, yopanda ana kumbuyo.

Za yomanga ndi mabawuti kapena yowotcherera sinditayapo nthawi yambiri. Yowotcherera ndi yolimba kuposa, ya mabawuti mutha kuichotsa pogulitsa galimoto. Zonse ziwiri zimadalira pamene phazi laponda, ngati pansi pa kabini padyedwa ndi dzimbiri cage imangoboola nkutulukira kunsi.

Chachinayi ndi cage yakunja, yozungulira bodi yonse, imene mumaiona kwambiri pa ma Land Rover Defender akale ndi pa magalimoto okwera miyala. Imathetsa vuto la mutu lija poti zitsulo zili panja, imateteza mizati yakutsogolo, ndipo galimoto ikatsamira mtengo kapena kugwa chammbali pang'onopang'ono mumangoidzutsa nkumapitirira, bodi osapindika. Koma werengani kulemera kwake. Paipi wa 45 ndi 2.5 amalemera pafupifupi makilogalamu 2.6 pa mita imodzi, ndiye mukagwiritsa mamita 20 mwadutsa kale makilogalamu 50, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mwamba, malo oipitsitsa oti muyikepo kulemera. Imakolanso nthambi m'tinjira tam'tchire, imalira ndi mphepo pa tala, mafuta imamwa. Ndipo poti ili ngati kaliyala wokonzeka kale, mtima umakuuzani kuti ikanipo matayala a sipeya, majerikani, tenti, ndiye mwangowonjezera mwayi woti igubuduzike.

Nkhani ya kulemera kwa m'mwambayi ndiyofunika kuimvetsa. Akatswiri amayeza chonchi: kutalikirana kwa matayala akumanzere ndi akumanja, kugawa ndi kawiri msinkhu wa pamene pali phata la kulemera kwa galimoto. Tiyerekeze matayala atalikirana mita 1.5 ndipo phatalo lili pa 0.7, yankho ndi 1.07. Mukakweza masipuling'i nkusanjikiza katundu padenga phata nkufika pa 0.8, yankho latsika kufika 0.94, ndipo nambalayi ikamatsika galimoto imafulumira kugwa. Mapikiapu amayamba kale ali otsika pa nambalayi poyerekeza ndi ma saluni. Magazini ya ku Sweden ya Teknikens Värld itayesa Hilux mu 2016 pokhota mwadzidzidzi ngati ukuzemba nyama pamsewu, matayala awiri ananyamuka pa sipidi ya 60 chabe, ndipo imeneyo inali yosakwezedwa. Ndiye ganizirani yanu yokwezedwa, matumba a chimanga atapitirira denga, mukutsika makona aja a Golodi kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba.

Pali chinanso chimene chasintha zinthu, denga la galimoto zatsopano silofanana ndi la zakale. Ku America lamulo lakale limangofuna kuti denga lipirire kulemera kwa galimoto kamodzi ndi theka, mu 2009 analikweza kufika katatu pa magalimoto osapitirira makilogalamu 2,722, ndipo bungwe loyesa chitetezo cha magalimoto la IIHS linkafuna kanayi kuti lipereke malikisi apamwamba. Ku Australia kampani ya migodi ya BHP mu 2012 inasankha zoti izigula magalimoto opeza nyenyezi 5 pa mayeso a ngozi m'malo modalira zitsulo zowonjezera. Ndiye ngati muli ndi double cab ya zaka zaposachedwa, kabini yanu ndi yolimba kale, musathamangire kuiboola. Amene akufunika chitsulo kwambiri ndi ife a ma Land Cruiser akale, ma Hilux a m'ma 1990, ma Defender a denga la aluminiyamu pa timizati towonda.

Pa nkhani ya mtundu wa paipi, wopanda msoko kapena uja amati DOM ndiye woyenera. Paipi wa chitsulo cha Chromoly 4130 ndi wamphamvu ndipo mutha kugwiritsa wopyapyalako kuti cage ipepuke, koma amafuna makina owotcherera a TIG ndi munthu wodziwadi, akawotcheredwa molakwika amasweka pafupi ndi msoko. Amisiri athu a ku Ndirande ndi Kawale manja ali nawo, zimenezo sindikana, vuto ndi paipi amene amapezeka pafupi. Paipi wa madzi wa galvanised chonde ayi, sanapangidwire zimenezi, ndipo utsi wa zinki powotcherera umadwalitsa mmisiriyo. Paipi wa mipando ndi mageti ndiye osayerekeza nkomwe. Kupinda paipi pomuwotcha ndi gasi kapena kudula nkulumikiza pa kona kumafooketsa malo enieni amene adzasenze galimoto yonse.

Ineyo pa single cab yanga yakale ndasankha chachiwiri chija, chitsulo chokhuthala kuseri kwa kabini, chopingasa chimodzi, miyendo yofika pa chasisi kudzera pa mabulaketi omanga ndi mabawuti osati kuwotcherera pa chasisi penipeni, ndipo kaliyala wapadenga ndinachotsa, katundu wolemera amakhala pansi m'bodi pafupi ndi kabini. Lamba aliyense amamanga tisananyamuke, chifukwa chitsulo chimangosunga mpata mkati, munthu wosamanga lamba amaponyedwa pa windo galimoto nkumugonera. Ndipo pa zinayi zonsezi palibe ngakhale chimodzi chimene chimateteza anthu okwera kumbuyo m'bodi monga timachitira popita kumaliro kapena pa matola. Mnzanga uja tsiku limenelo anali atangotsitsa amayi atatu ndi mwana pa chigayo, mtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera pamene inagwera.