Chithunzi cha Ansel Adams: choyamba ndinabweza, chachiwiri chili pakhoma

Ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsa chifukwa cha zomwe ananditumizira poyamba.

Ndinaoda pa intaneti chithunzi chachikulu cha Ansel Adams, katswiri wojambula zithunzi wa ku America, chija cha mapiri a Teton ndi mtsinje wa Snake, chomwe anajambula m'chigawo cha Wyoming m'dzikolo mu 1942. Chinafika chokulungidwa bwino m'katoni yobulungira, chosapindika ngakhale pakona. Koma nditachitambasula patebulo ndinagwa mphwayi. Nkhalango yonse yam'munsi inali bii ngati mwaye, mtengo wosaoneka ndi umodzi womwe. Pepala lake linali lonyezimira, moti ukayatsa getsi umangodziona wekha.

Wina anena kuti ndikuchulutsa gaga m'diwa, poti chithunzicho n'chakuda ndi choyera kale. Ayi ndithu. Luso la bamboyu lagona pakati pa kuda ndi kuyerapo. Iye ndi mnzake Fred Archer anakonza njira yotchedwa Zone System, yogawa kuwala m'magawo 11, kuyambira pa bii mpaka pa mbee, kuti asanajambule adziwiretu mmene thanthwe, mtambo kapena madzi zidzaonekere papepala. Akachoka kumapiriko ankakabindikira m'chipinda chamdima chotsukiramo zithunzi, apa kudetsa pang'ono, apo kuwalitsa. Ali mnyamata ankaphunzira piyano kuti idzakhale ntchito yake, ndipo ndikuganiza kuti kuleza mtimako anakutengera komweko. Ndiye wosindikiza akachulutsa inki, wafufuta chenichenicho chimene waperekera ndalama.

Ndinawajambulira pafoni n'kuwatumizira ogulitsawo. Anakhala chete masiku atatu, koma atayankha sanalimbelimbe. Anatumiza china, papepala lochindikala losanyezimira.

Ichi ndiye chithunzi. Mtsinje ukukhotakhota ngati njoka, wowala pakati pa nkhalango, ndipo diso limautsatira lokha mpaka kukafika kumapiri. Ukasendera pafupi umaona nsonga za mitengo umodziumodzi, pomwe pa choyamba chija panali mdima wokhawokha. Pamwamba mitambo yalemera ngati mvula ili pafupi, koma dzuwa labowola n'kugwera pa chipale chofewa cha m'mapirimo. Ndimakonda kuchiyang'ana m'mawa ndikumwa tiyi, ana asanadzuke.

Mayi akunyumba poyamba sanagwirizane nazo. Anati, "Bambo a ana, ndalama zonsezi kugulira chithunzi chopanda mtundu, ngati cha m'nyuzipepala?" Ndinawauza kuti chithunzi chomwechi chili m'gulu la zithunzi zimene zinatumizidwa mumlengalenga pa zombo za Voyager mu 1977, ndipo anangoti, "Ndiye achimwene anu akumwambako achikonde." Pano ndi iwo amene amapukuta galasi lake, ndipo alendo akabwera amafotokoza okha za Voyager.

Felemu sapereka, ngakhale pa chithunzi chotsatsira malonda ikuoneka. Ndinakagula padera, yakuda yopyapyala, ndipo inadya ndalama pafupifupi zofanana ndi za chithunzicho. Zimenezi akanalemba poyera.

Amene mukufuna kugula, nenanitu pooda kuti mukufuna pepala losanyezimira, ndipo chikafika yambani mwayang'ana mitengo yam'munsiyo musanataye katoni. Musachipachike moyang'anizana ndi zenera. Ine ndinatero, galasi n'kumathobwa m'maso masana onse, ndipo pakhoma lathu patsala kabowo ka msomali komwe mayi akunyumba amandilozera mpaka lero.