Fing: pulogalamu yodziwira zipangizo zimene zili pa Wi-Fi ya pakhomo

Pakhomo pathu pali zipangizo 14 zimene zimadalira Wi-Fi imodzi, kuyambira mafoni ndi laputopu, wailesi yakanema, makamera awiri oyang'ana pageti ndi kuseri kwa nyumba, mpaka mababu ndi timapulagi toyatsira pafoni. Bandulo ya intaneti itayamba kutha mwezi usanafike ndi pakati pomwe, ndinatsegula tsamba la rauta, kabokosi kamene kamagawa Wi-Fi, kuti ndione amene akuidya, koma ndinangopezamo manambala ndi mayina osamveka, ena opanda dzina n'komwe. Apa m'pamene ndinaika Fing, pulogalamu imene kampani ya ku Belgium ya Lansweeper inagula mu 2020, ndipo ndakhala ndikuigwiritsa ntchito pafoni ya Android kuchokera nthawi imeneyo.

Ntchito yake yaikulu imaigwira bwino kwambiri. Mukaiuza kuti ifufuze, pasanathe mphindi imodzi imandandalika chipangizo chilichonse, adiresi yake ya IP (nambala imene rauta imachipatsa), adiresi yake ya MAC (chizindikiro chimene chimabwera nacho kuchokera kufakitale), kampani imene inachipanga, ndiponso mtundu wake. Chinsinsi chagona pa adiresi ya MAC, imene ili ndi zilembo ndi manambala 12, chifukwa 6 oyambirirawo bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE limawapereka kwa kampani yopanga zipangizo. Komabe dzina limene limaoneka nthawi zambiri ndi la amene anapanga kachipangizo ka Wi-Fi ka m'kati, osati lolembedwa pabokosi limene munagula kusitolo. Pamndandanda wanga panali chinthu chotchedwa Espressif, ndipo mtima wanga unathamangira kwa ana a oyandikana nawo nyumba, poganiza kuti anaba pasiwedi. Ndinayamba kuzula zipangizo chimodzichimodzi, n'kumafufuzanso nthawi iliyonse, mpaka dzinalo linasowa nditangozula kapulagi ka pa giza. Espressif ndi kampani ya ku Shanghai yopanga tizipangizo ta ESP8266 ndi ESP32, timene timapezeka m'mapulagi ndi m'mababu ambiri otsika mtengo.

Chimene ndimaikondera kwambiri Fing ndi chakuti imalola mwininyumba kupatsa chipangizo chilichonse dzina lake, monga "kamera ya pageti" kapena "pulagi ya giza", ndipo dzinalo limamatirira ku adiresi ya MAC. Izi n'zofunika kwa ife amene magetsi amatithimirathimira, popeza rauta ikayakanso imatha kugawa maadiresi a IP mwatsopano, moti kamera imene dzulo inali pa 192.168.1.12 lero mukhoza kuipeza pa nambala ina. Ndinatenga mndandanda womwewo n'kukauza rauta kuti makamera ndi makina osindikizira azilandira adiresi yosasintha, ndipo vuto la kamera yosowa m'mawa uliwonse linathera pomwepo.

Pali malire amene wogwiritsa ntchito ayenera kuwadziwa asanaikhulupirire kotheratu. Kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, mafoni amabisa adiresi yawo yeniyeni ya MAC n'kupeka ina pa netiweki iliyonse, kotero dzina la kampani silioneka, ndipo foni imodzi imene imalowa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz, njira ziwiri zimene rauta imatumizira Wi-Fi, ngati ziwirizi zili ndi mayina osiyana, imaoneka ngati alendo awiri. Ine ndinazimitsa zobisa adiresizi m'mafoni a m'banjamo pa Wi-Fi ya pakhomo pokha, kwina konse ndinazisiya, chifukwa zimateteza munthu akakhala kumalo a anthu ambiri. Amene ali ndi iPhone adziwenso kuti kuyambira pa iOS 11 mu 2017 Apple inaletsa mapulogalamu kuwerenga maadiresi a MAC a zipangizo zina, ndiye ndi bwino kufufuzira pa Fing Desktop ya pakompyuta. Mababu olumikizidwa ndi njira zina zosakhala Wi-Fi, monga Zigbee kapena Bluetooth, saonekamo n'komwe, chimaoneka ndi kabokosi kamene kamawalamulira.

Pulogalamu ya pafoniyi siiwerenga data imene chipangizo chilichonse chadya. Zimenezo ndinaziona pa rauta, koma manambala a kumeneko ndinawamvetsa chifukwa cha mayina amene ndinali nditapeza kale, ndipo wodya bandulo anapezeka kuti anali kamera ya kuseri, imene inkatumiza mavidiyo pa intaneti nthambi ya mango ikangogwedezeka. Kulondera netiweki usana ndi usiku komanso kutsekera kunja chipangizo chachilendo kumafuna kulipira ndalama zakunja ndiponso makina osazima, zimene kwa nyumba ngati yathu ndaona kuti n'zosafunika. Mbali yaulereyo yandikwanira, ndipo ndimafufuza kamodzi pa sabata, ndiponso nthawi iliyonse alendo amene ndinawapatsa pasiwedi akatsanzika.